Mlendo aziyamba waimba foni asananyamuke

Pali nkhani imene ikumautsa mkangano paliponse pamene anthu akhala pansi kuno ku Kasungu, kaya ndi m'minibasi yochokera ku Nkhamenya, pa mzere wa kuchigayo, kapena anthu akamabalalika ku mphakati ndi ku mlaga. Funso lake ndi lakuti: m'bale wako akafuna kudzacheza mpaka kugona kwanu, kodi ayenera kuyamba wakuimbira foni? Ena akuti zimenezo n'zachizungu, zobwera ndi anthu amene akangopeza kantchito pa boma amayamba kuwerenga mitanda ya nsima. Ena, makamaka amayi amene amaphikira alendowo, akuti atopa ndi odi wa usiku, moto utazima kale. Ine ndili kumbali ya oimba foni, ndipo ndinene pachiyambi pomwe pano: munthu amene akudziwa kuti akukagona kwa mnzake, ndipo ali ndi njira yotumizira mawu, aziwadziwitsa eni nyumba asanakwere galimoto. Umenewu ndi ulemu, ndipo ndi ulemu wathuwathu, wosabwereka kwa wina aliyense. Koma woimbiridwayo nayenso ali ndi udindo wake, umene ambiri a m'tauni akuuthawa, ndipo iwonso ndiwanena.

Tiyambe ndi zimene mwambo wathu umafuna kwa wolandira mlendo, pakuti n'zolemera kuposa mmene timaganizira. Mlendo akati odi, ana amathamanga kukamulandira katundu. Amamuyalira mphasa kapena kumupatsa mpando, ndipo eni nyumba amabwera mmodzimmodzi kudzamulonjera atakhala pansi, osati ali chiimire. Amamufunditsira madzi osamba. Ndiwo za masiku onse sizimuyenera: kumudzi nkhuku imafa, pa boma munthu amathamangira kumsika kukafuna usipa wabwino, mazira kapena kanyama. Mlendo amagona pabwino kuposa mwini nyumba, amafunda bulangete losungira alendo, ndipo pochoka amaperekezedwa, nthawi zina atapanitsidwa kandalama ka thiransipoti m'manja. Kuwonjezera apo, mwambo umaletsa kumufunsa mlendo kuti abwerera liti, ngakhalenso kumufunsa chimene wadzera asanadye. Tsono ngati tikufuna kuti zonsezi zizichitika monga mmene anatiphunzitsira makolo, tingamumane bwanji mwini nyumba tsiku limodzi lokha lokonzekera? Amene amati foni ikupha mwambo wochereza alendo ayang'anitsitse. Chimene chikuupha ndi kulephera kuukwaniritsa, ndipo amene amadya nsima yozizira n'kugona pa simenti kawirikawiri ndi mlendo wofika modzidzimutsa uja. Iye amagona ndi chidandaulo, mwini nyumba amagona ndi manyazi.

Taganizani za nyumba ya lendi ya chipinda chimodzi ndi pabalaza, zonga zimene zadzaza m'madera ozungulira msika wa pa boma. Nthawi ndi cha m'ma 7 koloko madzulo. Mayi waomola mitanda yokwanira iye, mwamuna wake ndi ana atatu, ndiwo ndi mpiru ndi kabonya pang'ono. Pa mbaula patsala phulusa. Ndiye panja pamveka odi: alamu, akazi awo, ndi khanda kumbuyo. Mayi uja amamwetulira, amalandira chikwama, amagwada n'kulonjera, chifukwa analeredwa bwino. Koma taonani zimene zimachitika kuseri kwa chitseko. Mwana wamkulu amatumidwa mumdima kukabwereka makala kwa aneba ndi kukakongola pa okala kaufa ka m'pepala kaja amati walkman. Nsima ya ana imapita kwa alendo, ana amadikira yachiwiri akusinza. Pogona, ana amachotsedwa pa matiresi awo, mnyamata wa zaka 14 amapinda miyendo pakona ya pabalaza pomwe pagona azakhali ake. M'mawa ana amapita kusukulu osamwa phala, chifukwa ufa ndi shuga zathera pa tiyi ndi nsima ya alendo. Palibe amene amadandaula mokweza, ndipo alamu aja mwina amabwerera kwawo osadziwa n'komwe kuti zinali choncho. Chonsecho foni ya mphindi imodzi dzulo lake ikanapatsa mayiyu mpata wokagayitsa chimanga dzuwa lili pamutu, kuchapa zofunda, ndi kupempha aneba kuti mnyamata akagone ndi anzake.

Mfundo yoyamba ya otsutsa ndi yakuti makolo athu sankaimba foni, koma ankalandirana bwino kuposa ife. Amakumbutsa kuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndiponso kuti mlendo sathyola mphasa. Akunena zoona, ndipo miyambi imeneyi ndi yofunika kuti ana athu aziimva. Komabe tikumbukire mudzi umene miyambiyi inabadwiramo. M'mudzimo mlendo sanali wa khomo limodzi, anali wa mbumba yonse. Mnyamata akabwera ankakagona ku gowelo ndi anyamata anzake, mtsikana ankakagona ku kuka kwa agogo. Chimanga chinali m'nkhokwe kuseri kwa nyumba, nkhuku zili pabwalo, mfutso uli m'chikwatu, nkhuni zotola ndi madzi otunga. Kumene kunali chidyerano mbale zinkachokera m'nyumba zingapo, choncho munthu mmodzi wowonjezera sankaoneka n'komwe. Ndiponso mudzi sukhala wopanda munthu: mwini nyumba akapita kudimba, mchemwali wake kapena agogo amakhalapo, ndipo mlendo amalandiridwa chimodzimodzi. Ngakhale zinali choncho, si zoona kuti makolo ankangotulukirana. Ulendo waukulu ankatsogozera mawu, kudzera mwa munthu wopita kumsika, mwana wotumidwa pa njinga, kapena kalata. Ankhoswe ankapangana tsiku asanakumane. Ambiri obwerera kuchokera ku migodi ya ku Joni ankayamba alemba kalata. Choncho foni sinabweretse khalidwe lachilendo. Yangofupikitsa ulendo wa mthenga amene analipo kale.

Pa boma lero zinthu n'zosiyana, ndipo kunena zimenezi si kudzikuza. Chilichonse n'chogula. Madzi ndi a bilu ya Central Region Water Board kapena ogula pa kiyosiki, magetsi ndi a mayunitsi a ESCOM amene amatha munthu ali pakati pa kusita, makala ndi ogula, ndiwo zamasamba zomwe n'zogula. Bafa ndi chimbudzi nthawi zambiri n'zogawana ndi mabanja ena a pa ploti, ndipo alandilodi ena amayamba kung'ung'udza akaona nkhope zachilendo pa mpopi. Ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, koma malipiro a mphunzitsi, mlonda kapena wogulitsa m'sitolo sanakwere motsatira mitengo. Mu Malichi 2024, chifukwa cha ng'amba ya El Niño, boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pa ngozi ya njala. Ngakhale kumudzi komwe, mabanja ambiri nkhokwe imatha Khrisimasi isanafike, ndipo Januwale ndi Febuluwale amadya zogula ndi ndalama ya ganyu. Banja la pa esiteti ya fodya limene limadya chimanga chopimiridwa lilibe pokatapa china alendo akabwera atatu. Kunena kuti anthu otere azikhala okonzeka usiku ndi usana kulandira aliyense amene wafuna kubwera n'kuwasenzetsa mtolo umene makolo athu sanausenzepo okha.

Tisaiwalenso kuti kuimba foni kumapulumutsa mlendo mwini wake. Kuchokera ku Chamama kapena ku Santhe kufika pa boma si ndalama yochepa kwa mlimi. Munthu amagulitsa nkhuku kapena ndowa ya mtedza kuti akwere, n'kudzapeza loko pachitseko: eni nyumba ali ku Lilongwe, makilomita pafupifupi 130 kuchokera pano, kapena apita ku maliro kwawo kwa mkazi ndipo abwera mkuja. M'tauni aneba sakumudziwa, ndipo poopa akuba sangamutsekulire nyumba ya eni ake. Amakhala pakhonde mpaka mdima, ndalama yobwererera alibe chifukwa ankadalira kuti akamupatsa a kunyumbako. Zoterezi zimachitika, ndipo amene amavutika kwambiri ndi okalamba ndi amayi a ana aang'ono, anthu omwewo amene otsutsa amati akuwatchinjiriza.

Mfundo yachiwiri ndi ya umphawi, ndipo si yoinyoza. Otsutsa amati si aliyense ali ndi foni. Amene ali nayo nthawi zina alibe mayunitsi, batire latha ndipo kotchajitsa n'kutali, kapena netiweki imagwira pokhapokha utakwera pachulu. Amafunsa kuti, kodi agogo a kwa Chulu asaone zidzukulu zawo chifukwa alibe foni? Yankho langa n'lakuti abwere ndithu, ndipo wowabweza pakhomo ndiye wopanda khalidwe. Ulemu sulamula munthu chinthu chimene sangathe. Koma tinenenso zoona. Kampani ya TNM inakhazikitsidwa mu 1995, Celtel imene lero ndi Airtel inabwera mu 1999, ndipo kuchokera nthawi imeneyo foni zafalikira kotero kuti munthu angakhale wopanda foni, koma mudzi wopandiratu foni ndi wosowa. Pali mphunzitsi, pali mlangizi wa zaumoyo, pali mnyamata wa kabaza, pali ejenti wa Airtel Money kapena Mpamba pa tiredingi senta, pali mkulu wa mpingo. Kuflasha sikudya ndalama. Uthenga wa maliro umafika tsiku lomwelo ngakhale uchokere m'midzi ya m'malire mwa nkhalango ya Kasungu National Park. Uthenga wopempha thandizo la feteleza kapena fizi ya mwana umafikanso, ndipo n'koyenera kuti uzifika. Nanga wa ulendo ungalephere bwanji kuyenda njira yomweyo? Chimene ndingawonjezere n'chakuti amene ali ndi mayunitsi ndiye aziimba. Ukaona nambala ya kumudzi yaflasha, imba nthawi yomweyo. Kuiyang'ana n'kubweza foni m'thumba ndi mwano wofanana ndi kumva odi n'kukhala chete m'nyumba.

Tsopano tifike pa mfundo imene ndimaiona kuti ndi yolemera kuposa zonse, imene anthu akumudzi amainena mtima ukuwawa. Iwo amati: tikaimba foni, amatikana. Ukati ndikubwera, umamva zoti sabata ino tatanganidwa, bambo kulibe apita ku semina, dikirani mwezi uthe tilandire. Mwezi umatha, wina umathanso, kenako foni imangoitana osayankhidwa. Ndiye anthu aphunzira kuti ukafuna kuona m'bale wako wa pa boma, ingonyamuka, chifukwa munthu sangakukane akukuona ndi maso. Sindingatsutse kuti zimenezi zikuchitika. Zikuchitika, ndipo n'zochititsa manyazi. Ambiri amene lero akukhala m'maofesi anaphunzira ndi ndalama ya fodya ya amalume awo, ndi mtedza umene mayi awo anasenza kupita nawo kumsika, ndi mbuzi imene agogo anagulitsa kuti mwana alembe mayeso a Fomu 4. Munthu wotere akasandutsa foni kukhala mpanda wotchingira abale ake, walakwira anthu amene anamuimika. Ndikumvetsa chifukwa chimene wokanidwa kawiri katatu amaganizira zongofika.

Komabe funso n'lakuti, kodi kufika modzidzimutsa kumachiza matenda amenewa? Ine ndikuti ayi. Munthu amene akanakukana pa foni akakulandira mokakamizika, amakulandira ndi thupi lokha. Aliyense amene anakhalapo mlendo wosafunidwa amazidziwa zizindikiro zake: ana amakalipiridwa popanda chifukwa iwe ukumva, mbale zimagundana kukhitchini, mwini nyumba amachoka mbandakucha n'kubwera iwe utagona, ndipo moni wa m'mawa amafupika tsiku ndi tsiku. Mlendo amabwerera kwawo ndi nkhani yowawa, nkhaniyo imazungulira mudzi wonse, ndipo chibale chimene ankafuna kuchilimbitsa chimasweka kuposa poyamba. Komanso njira yongofikayi simasankha. Imalanga ndi osalakwa omwe, amene akanalandira mlendo ndi manja awiri akanangodziwa, ndipo imagwera kwambiri pa mkazi ndi ana, amene si iwo anakana kuyankha foni. Pachifukwa ichi, mankhwala ake ndi kumanga woimbiridwayo pa udindo wake. Kukana kwaulemu kumakhala ndi chifukwa choona ndi tsiku lina. Munthu anene kuti, "Amalume, sabata ino nyumba yadzaza, apongozi ali kuno ndi wodwala. Bwerani Lachisanu la sabata ya mawa, ya thiransipoti ndikutumizirani." Amenewo ndi mawu a mwana wolemekeza akulu. Koma "tidzakuuzani" wopanda tsiku ndi kukana kovala jekete, ndipo wamkulu aliyense amakuzindikira. Tsiku ukalitchula, ulisunge. Ngati wina wazolowera kuthawa abale ake, mbumba ili ndi njira zake zomudzudzulira. Mwini mbumba alipo, ankhoswe alipo, ndipo munthu yemweyo adzabwera kumudzi pa maliro kapena pa sadaka, pamene akulu angamukhazike pansi n'kumuuza maso ndi maso. Kumeneko n'kumene nkhani yotere imathera bwino, osati pakhomo pake usiku mkazi ndi ana ake akumva.

Ndipo lamuloli lisakhale la akumudzi okha, chifukwa a m'tauni nawonso amalakwa chimodzimodzi, kungoti palibe amene amawanena. Munthu amadzuka Loweruka, amalongedza ana m'galimoto, n'kutulukira kumudzi osauza aliyense, poganiza kuti kumudzi anthu amangokhala. Chonsecho ndi nthawi yopalira kapena yobandira, kapena fodya wacha ndipo banja lonse lili pa kuthyola ndi kusoka m'chigafa. Mayi wokalamba amaponya khasu, amathamanga kukabwereka shuga ndi mafuta ophikira chifukwa zidzukulu za m'tauni sizidya ndiwo zopanda mafuta, ndipo nkhuku imene inkaikira mazira imafa madzulo omwewo. Ngati ndi Febuluwale, ufa umene ukanafika Lachitatu umatha Lamlungu. Mayiyo sadzanena kanthu, adzangoti ana anga anabwera. Koma akanaimbiridwa Lachinayi, akanakonza ntchito yake ya kumunda, ndipo akanapeza mpata wonena chimene sanganene mlendo atafika kale: mubwere ndi mchere, sopo ndi kapaketi ka shuga. Apa mpamene foni imathandizira mwambo wina wabwino, uja wakuti mlendo safika chimanjamanja. Wochokera kumudzi amadziwa ngati kukufunika ufa, mtedza kapena maungu, wochokera m'tauni amadziwa chimene chasowa m'nyumba mwa mayi ake, ndipo mphatso imakhala yothandiza osati yongoonetsa.

Ena amavomera zonsezi koma amaika malire pa makolo. Amati mchimwene kapena msuweni aziimba, koma mayi amene anandibereka, kapena amalume amene ndi eni mbumba, angapemphe chilolezo cholowera m'nyumba ya mwana wawo? Funsoli lili ndi mphamvu, ndipo yankho lake ndi lakuti kudziwitsa si kupempha. Kholo silinena kuti "kodi ndingabwere?", limanena kuti "ndikubwera Lachiwiri, mundichingamire pa depoti." Ndipotu kwathu kuno munthu akakhala wamkulu m'pamene kubwera kwake kumadziwika msanga. Gogo chalo akamapita kukayendera mudzi, mthenga amatsogola. Abusa kapena ansembe akamayendera mabanja, amalengeza m'tchalitchi Lamlungu lake. Wolowa mwakachetechete ndi mwana wa pakhomo, wamkulu amakonzeredwa. Pali chinanso chimene otsutsa amachilumpha. Mayi wa mkazi ndi mpongozi wa mwamuna, ndipo mwambo womwewo umene tikuuteteza umati mkamwini ndi apongozi ake apatsane mpata: sadyera pamodzi, sapanikizana pakhomo, saonana wina ali ndi chovala chogonera. M'nyumba ya zipinda ziwiri ndi bafa limodzi la panja, zimenezi zimatheka pokhapokha anthu atakonzekera. Kuwapeza akamwini ali pakabudula pabalaza, kapena mtengwa atangomanga chitenje akuchokera kosamba, n'kochititsa manyazi onse awiri, ndipo kholo lanzeru silifuna kuchititsa ana ake manyazi otere. Apa ndiyeneranso kunena amuna anzathu ena amene amaimbiridwa foni bwinobwino ndi abale awo, iwo n'kuvomera, koma osamuuza mkazi mpaka alendo atafika pakhomo. Mlendo wachita mbali yake, wolakwa ndi mwamunayo. Nyumba ili ndi eni ake awiri, ndipo amene adzaphike, kuchapa ndi kufunditsa madzi ndiye woyenera kumva uthengawo tsiku lomwe wafika. Mikangano yambiri ya "abale ako, abale anga" imene imathera kwa ankhoswe imayambira pamenepa.

Za mwadzidzidzi sindichedwapo, chifukwa palibe munthu wamaganizo abwino amene angatsutse. Wobwera ndi wodwala usiku, wobweretsa uthenga wa zovuta, mayi wothawa nkhanza kunyumba kwake, wapaulendo amene galimoto yamufera pa msewu wa M1 dzuwa litalowa, onsewa agogode nthawi ina iliyonse ndipo chitseko chitseguke. Koma tisabise maulendo okonzekera m'gulu limeneli. Tsiku lobwereranso kuchipatala limalembedwa m'buku la kuchipatala mwezi wathunthu lisanafike. Mlimi amadziwa sabata imene akuperekeza mabelo ake ku okushoni ya Chinkhoma. Tsiku lotsegulira sukulu, la ukwati, lokatenga chiphaso cha unzika, onsewa amadziwika. Za aneba ndi anzathu ongodutsa kudzapereka moni nazonso si zimene tikukambirana pano. Amenewo odi amakwanira, bola azidziwa nthawi, ndipo akaona kuti eni nyumba akutuluka kapena ali pa nkhani ya m'banja, asakhalitse.

Chatsala n'chakuti foniyo izinena chiyani, chifukwa "tikubwera" yekha sathandiza kwenikweni. Poti mwambo umamanga pakamwa mwini nyumba kuti asafunse za tsiku lobwerera, ndiye kuti udindo wotchula tsikulo uli pa mlendo. Anene tsiku lofika, anthu amene akubwera nawo, chimene akudzera ndi masiku amene akhale: "Alamu, ndifika Lachinayi masana, tili awiri ndi mdzukulu wanu, ndikudzaonana ndi adokotala Lachisanu, Loweruka tibwerera." Mawu ochepa amenewa amamasula aliyense. Mwini nyumba amadziwa ufa wogayitsa ndi malo oyala, ndipo amatha kuchereza ndi mtima wonse chifukwa sakuwerenga masiku mwamseri. Zikasintha, mwina adokotala ati mudikire zotsatira Lolemba, mlendo anene yekha, asadikire kuti eni nyumba azindikire poona kuti chikwama sichikumangidwa. Ndipo amene wanena kuti tili awiri asafike ndi anthu asanu.

Pali mtundu wina wa ulendo umene foni yokha siukwanira, ndipo ndi umene ukupweteka ana. Kholo limafika pa boma ndi mwana ndi kachikwama kake ngati odzacheza, ndiye tsiku lobwerera n'kunena kuti uyu atsale, aziphunzira konkuno poti sukulu za kuno n'zabwino. Kulera mwana wa m'bale wako ndi chinthu chabwino, ndipo ambiri amene ali pa ntchito lero anakulira kwa azakhali kapena kwa amalume. Koma imeneyi ndi nkhani ya zaka, ya yunifolomu, makope, matenda ndi malo ogona, ndipo imafuna kuti mwamuna ndi mkazi wa m'nyumbamo akambirane okha, agwirizane, kenako akambirane ndi makolo a mwanayo ndi mwini mbumba mwana asanachoke kumudzi. Ikakambidwa pakhonde, chikwama chili kale m'nyumba ndipo mwana ali chiimire kumvetsera, eni nyumba amavomera chifukwa cha manyazi. Mwana wolandiridwa mwa manyazi ndi amene mawa amasanduka wantchito wosalipidwa, wodya pomalizira ndi wojomba kusukulu kuti alere khanda. Makolo amene akufuna kuti mwana wawo akaphunzire kwa m'bale ayambe kukamba nkhaniyo teremu isanathe, apite okha kukamva yankho, ndipo akauzidwa kuti chaka chino sizitheka, mwanayo apitirize sukulu kwawo mpaka malo atapezeka.